Zoyenera ndi zosayenera pokacheza ku Nkhata Bay kuchokera kwa Magodi

Dzuwa la Okutobala likayamba kuswa mtengo, chimanga chili m'nkhokwe ndipo kandalama ka soya ndi mpendadzuwa kakadali m'thumba, kwathu kuno mumamva magulu akusonkherana za ulendo wa kunyanja. Aphunzitsi, makwaya a mpingo, amayi a chilimba, achinyamata amene angomaliza mayeso, onse mtima umaloza kummawa. Kwa munthu wa kwa Magodi nyanja yapafupi ndi ya ku Malawi, Kariba ndi Mpulungu n'kutali. Mukatuluka pa Lusuntha n'kulowa pa Mqocha, mumakumana ndi msewu waukulu pa Jenda, mumaboola nkhalango ya paini ya Chikangawa mpaka ku Mzuzu, kenako mumatsetsereka makilomita pafupifupi 50, madzi n'kuonekera pakati pa mapiri. Ndiye Nkhata Bay ameneyo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri timakasamba, kudya nsomba, kujambulitsa, n'kubwerako ngati kumeneko tilibeko mbali. Chonsecho gombe limenelo makolo athu analipondapo, pena mwaubwino, pena mwankhanza. Mikondo ya Angoni inafikako. Mpingo umene ambiri timapempheramo ku Chasefu unadzera kumeneko. Chitaganya chimene chinatimanga goli limodzi ndi Amalawi chinakhetsa mwazi pa doko lomwelo. Zotsatirazi ndalembera munthu amene akufuna kukafika kunyanja ngati mnansi wodziwa pamene waponda.

Za ulendo

Choyenera: Dzerani pa chipata ndi mapepala okwanira, pasipoti kapena chiphaso cha pamalire, ndipo patulani masiku osachepera atatu. Limodzi n'la pa doko ndi m'tauni, lina n'la ku Chintheche ndi ku Bandawe, makilomita pafupifupi 40 kummwera, lachitatu ndiye sambani mpaka khungu lituwe.

Chosayenera: Musadalire tinjira ta m'tchire timene timadzera popita ku maliro a abale ku Embangweni kapena ku Edingeni. Kumalire kuno amakudziwani nkhope, koma wapolisi wa pa chotchinga cha msewu wa M1 sadziwa agogo anu.

Pa doko

Choyenera: Musanavule nsapato kuti mulowe m'madzi, yambani mwaima pa doko n'kumva za pa 3 Malichi 1959. Usiku wa kucha tsikulo bwanamkubwa wa Nyasaland, Sir Robert Armitage, analengeza kuti dziko lili pa chipwirikiti, ndipo mbandakucha apolisi ndi asilikali anayamba kugwira atsogoleri a Nyasaland African Congress. Dr Hastings Kamuzu Banda anawagwira kunyumba kwawo ku Limbe n'kuwaulutsira ku ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia. Ogwidwa a kumpoto anawakweza m'sitima ya Mpasa, imene inakocheza pa Nkhata Bay. Anthu atamva kuti abale awo ali m'sitimamo, anakhamukira ku doko kukafuna kuti amasulidwe. Bwana DC wa nthawiyo, John Brock, anali ndi asilikali achizungu ochepa ochokera ku Rhodesia, ndipo atalephera kubweza khamulo anapereka mphamvu m'manja mwa asilikaliwo. Anawombera.

Bungwe lofufuza limene boma la Britain linatumiza, lotsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin, linalemba kuti anafa ndi anthu 20. Eni dera amawerenga 31, ndipo chiwerengero chimenechi ndicho mudzamve pa mwambo wa chaka ndi chaka. M'chipwirikiti chonsecho palibe malo ena ku Nyasaland pamene panafa anthu ambiri chotere nthawi imodzi.

Nkhaniyi ndi yathunso. Mwezi womwewo wa Malichi boma la Northern Rhodesia linaletsa chipani cha Zambia African National Congress, ndipo Kenneth Kaunda anakamutaya ku Kabompo. Lipoti la Devlin linachititsa manyazi boma la Britain, pakuti linanena poyera kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi ndiponso kuti anthu ake sankachifuna Chitaganya m'pang'ono pomwe. Chitaganyacho chinatha pa 31 Disembala 1963, Malawi n'kulandira ufulu pa 6 Julayi 1964, ife pa 24 Okutobala chaka chomwecho. Gulu limene lapita kunyanja pa tchuthi cha pa 24 Okutobala lidziwe kuti ena mwa amene analipira ufulu likusangalalirawo agona m'manda a ku Nkhata Bay.

Chosayenera: Musakhale pa chipilala cha chikumbutso cha ophedwawo botolo la mowa lili m'manja, kapena kuyanikapo zovala zonyowa. Musatsutsane ndi munthu wa komweko za chiwerengero cha akufa poti inu munawerenga buku. Amene akunena 31 akhoza kukutchulirani mayina ndi midzi, ndipo mwina mmodzi mwa iwo ndi agogo ake. Pa 3 Malichi Amalawi amakumbukira ofera dziko, ndipo ku Nkhata Bay tsikulo limayamba ndi mapemphero ndi kuika nkhata za maluwa. Masipika aphokoso asiyeni m'basi.

Ku Chintheche

Choyenera: Pitani ku Chintheche mukafunse akuluakulu za linga la Mankhambira. Apa ndi pamene ife a kwa Magodi tiyenera kutchera khutu kuposa wina aliyense, chifukwa ufumu wathu, pamodzi ndi wa Phikamalaza, unachokera kwa Angoni a Inkosi ya Makosi M'mbelwa, ndipo ankhondo a M'mbelwa ndi amene anasautsa Atonga. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835. Mfumuyo itamwalira ku Ufipa, m'dziko la Tanzania wa lero, mtundu unagawikana, ndipo gulu la M'mbelwa linadzakhazikika kumtunda kwa kumpoto kwa Malawi cha m'ma 1850. Kuchokera kumeneko ankatsikira kunyanja kukalanda chakudya ndi kugwira anthu. Ana a Atonga ogwidwawo anakulira m'midzi ya Angoni, anyamata n'kulowa m'magulu a nkhondo, naphunzira kugwira chishango ndi nthungo ngati Mngoni weniweni.

Cha pakati pa zaka za m'ma 1870 anthuwa anagalukira ambuye awo. Anathawira kwawo kunyanja nalowa m'malinga akuluakulu, lotchuka kwambiri ndi la Mankhambira ku Chintheche. Angoni anawalondola ndi gulu la nkhondo, koma pamenepo anagonja, pakuti anakumana ndi anthu amene iwo eni anawaphunzitsa kumenya. Atumbuka amene anayesa zomwezo patapita zaka zochepa, motsogozedwa ndi Baza Dokowe, anathera pa phiri la Hora. Kupambana kwa Atonga sikunachotse mantha. M'zaka za m'ma 1880 ankakhalabe mothithikana pafupi ndi madzi, ena pa miyala ndi pa tizilumba, minda ya kumtunda itasiyidwa, chifukwa Angoni ankatsikabe.

Mukamaponda mchenga woyera wa ku Chintheche, umene lero wadzaza malo ogona alendo, dziwani kuti anthu anaunjikana pamenepo kuti apulumuke. Kwa zaka zambiri boma la atsamunda la dera limeneli, limene ankalitcha West Nyasa, linalinso pa Chintheche pomwepo.

Chosayenera: Musakafike kumeneko ndi mawu odzitama akuti "ife Angoni tinkakuthamangitsani." Kwathu timanyadira ingoma ndi zibiya, ena timapita ku Hora ku mwambo wa Umthetho mu Ogasiti, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Koma chimene kumtunda timati ukatswiri wa makolo, kunyanja amachikumbukira ngati midzi yotenthedwa ndi ana otengedwa. Chimbuya chimene tili nacho ndi Abemba musachitengere kwa aliyense. Mtonga akayamba yekha kukusekani za Ungoni wanu, sekani naye n'kumubwezera, koma oyambitsa asakhale inu.

Ndiponso ndani mwa ife angalumbire kuti m'mitsempha mwake mulibe magazi a ogwidwa? Kwa Magodi tsiku ndi tsiku timalankhula Chitumbuka, chinenero cha anthu amene anagonjetsedwa, chifukwa amayi amene analera mtunduwu ambiri anali a kwa ogonjetsedwawo. Nkhani ya ku Chintheche ena mwa ife tikhoza kukhala kuti tili mbali zonse ziwiri za linga. Choncho imvani mmene Atonga amaifotokozera, mpaka amalize, musanayambe yanu.

Ku Bandawe

Choyenera: Pitirirani pang'ono kummwera mpaka ku Bandawe. Amishoni a Free Church of Scotland anafika panyanja mu 1875 n'kumanga ku Cape Maclear, koma malungo anawatha, ndipo mu 1881 Dr Robert Laws anasamutsira likulu ku Bandawe. Nakonso manda anachuluka, mpaka mu 1894 anakwera phiri kupita ku Khondowe, kumene lero timati Livingstonia. Tchalitchi chakale cha njerwa chikadalipo, ndipo pa Makuzi, pafupi ndi gombe, pali manda a amishoni oyambawo. Werengani zaka zolembedwa pa miyalayo, mudzaona kuti ambiri anafa akadali achinyamata.

Atonga analandira amishoni ndi manja awiri, mwa zina poyembekezera kuti azunguwo awathandiza pa nkhondo ndi Angoni. Laws anakana kunyamula mfuti. M'malo mwake anatumiza kumtunda William Koyi, mlaliki wa mtundu wa Axhosa wochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, amene chinenero chake chinali pafupi ndi cha Angoni. Koyi anakhala ku Njuyu kuyambira 1882 mpaka imfa yake mu 1886, ndipo ndi iye amene anazolowetsa mafumu a Angoni kukhala pansi ndi anthu a mishoni. Pambuyo pake panabwera mishoni ya Ekwendeni, kenako ya Loudon ku Embangweni kumene kunali Donald Fraser, ndipo kuchokera ku Loudon aphunzitsi ndi alaliki anawoloka kudza ku Chasefu. Mkhristu wa CCAP wa ku Emusa kapena ku Egichikeni akalowa m'tchalitchi cha Bandawe walowa kwa agogo a mpingo wake. Kwaya imene yapita kunyanja ikonze zokaimbako Lamulungu, ipemphe kwa abusa a komweko nthawi ikadalipo.

Chosayenera: Musabwereko mukuganiza kuti mbiri ya Bandawe ndi ya azungu a m'mandamo okha. M'mudzi wa Chifira, pafupi pomwepo, munabadwa Clements Kadalie mu 1896. Ataphunzira ku Livingstonia anayenda mpaka ku Cape Town, kumene mu 1919 anayambitsa bungwe la antchito la Industrial and Commercial Workers' Union. Pofika cha mu 1927 bungwelo linali ndi mamembala pafupifupi 100,000, ndipo boma la South Africa linkagona tulo tochepa chifukwa cha Mtonga ameneyu. Anamwalira ku East London mu 1951. Wa dera lomwelo ndi Elliot Kamwana, amene mu 1908 ndi 1909 anabatiza anthu pafupifupi 10,000 m'miyezi yochepa polalikira uthenga wa Watch Tower. Atsamunda anamuchotsa m'dzikomo ndipo anamulola kubwerera kwawo mu 1937, koma uthengawo unali utayenda kale ndi anthu opita kumigodi, n'kufika kwathu ku Northern Rhodesia kumene unatchuka ndi dzina la Chitawala.

David Kaunda, bambo ake a Kenneth Kaunda, naye anali mwana wa mishoni yomweyi, ndipo inamutumiza ku Chinsali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kumene kunadzakhala mishoni ya Lubwa. Aleke Banda, amene anali nduna kwa nthawi yaitali ku Malawi, kwawo kunali ku Tukombo m'boma lomweli, koma anabadwira ku Livingstone mu 1939.

Kagombe kakang'ono kotere kanatulutsa bwanji anthu ochuluka chonchi? Sukulu inafika msanga, pamene madera ena anali asanaone choko. Ntchito yolipidwa kunalibe, koma msonkho unkafuna ndalama. Choncho Atonga odziwa kulemba ndi kuwerenga anabalalika, kukakhala makalaliki, akapitawo, aphunzitsi ndi asilikali ku Rhodesia, ku Joni ndi kumigodi ya kwathu. Ena anabwerera ndi masuti ndi njinga, ena anatchona. Munthu wa ku Lundazi nkhani imeneyi sachita kuuzidwa kawiri, pakuti palibe mudzi kwathu wopanda mtchona wake.

Ilala ndi nyanja

Choyenera: Funsani tsiku limene Ilala ikocheza, ndipo mukhalepo. Sitimayi anaipanga ku Scotland a kampani ya Yarrow mu 1949, anaibweretsa zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, anailumikiza ku Monkey Bay, ndipo inayamba kuyenda mu 1951. Dzinalo n'lochokera kwathu: Ilala ndi dera la kwa Chitambo kumene David Livingstone anamwalira mu 1873, ndipo kasitima koyamba ka amishoni ka mu 1875 kanalinso ndi dzina lomwelo. Kwa anthu a ku Likoma, Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe sitimayi ndiyo msewu wawo. Onani mmene amakwezera matumba a ufa, simenti, malata ndi njinga, n'kutsitsa matumba a usipa. Tauni yonse imasamukira ku doko tsiku limenelo. Masiku ake amasintha ikapita kokakonzedwa, choncho funsani pa doko pomwepo.

Ngati muli ndi ana asukulu, auzeninso kuti mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi ya Guendolen inawoloka nyanja yomweyi n'kukawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku gombe la tsidya, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba kumene.

Chosayenera: Musaiderere nyanja. Ife tinaphunzira kusambira m'madambo ndi m'madamu, kumene ukatopa umaponda pansi. Kumpoto kwa nyanjayi kuli malo akuya kupitirira mamita 700, ndipo pa Nkhata Bay miyala imatsetsereka mwadzidzidzi pafupi ndi gombe. Mwera, mphepo yochokera kummwera imene imawomba kwambiri kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, umadzutsa mafunde otha kumiza sitima. Pa 30 Julayi 1946 sitima yatsopano ya Vipya inagubuduzika pafupi ndi Chitimba, anthu 145 n'kufera pomwepo. Musakwere boti lodzaza mopitirira muyeso kapena lopanda majekete oyandamitsa, musalowe m'madzi mutamwa, ndipo mukaona asodzi akokera mabwato awo kumtunda, inunso khalani pamchenga.

Chakudya

Choyenera: Idyani kondowole. Chinangwa amachiviika masiku angapo kuti chichoke ululu, amachiyanika, amachisinja, ndipo nsima yake imanamatira ndiponso ili ndi kafungo kake. Yesani ndi batala wowotcha, usipa wauwisi kapena chigwada. Usiku yang'anani nyali zimene zimandandalika pamadzi, ndi asodzi a chilimira amene akukopa usipa ndi kuwala. Mbandakucha tsikirani kugombe mukaone akubwera, ndipo nsomba mugule kwa iwo kapena kwa amayi oyanika pa thandala. Mukaona chinthu chonga utsi chikukwera pakati pa nyanja, kulibe moto, ndi nkhungu, tizilombo touluka timene anthu amakola ndi malichero n'kuumba zitumbuwa za ndiwo.

Chosayenera: Musakwinye nkhope pamaso pa amene wakuphikirani, kapena kufunsa kuti "nsima yeniyeni mulibe?" Chinangwa chimenechi chalera mibadwo pa dothi la mchenga pamene chimanga chimavuta, ndipo ife odya mbewa, inswa ndi mphalabungu tilibe chifukwa chodabwira nkhungu. Musaumirire chambo chokhachokha, chifukwa chachepa kwambiri m'nyanjamo. Ndipo musagule tiana ta nsomba togwidwa ndi maneti oteteza udzudzu, ngakhale mtengo utsike bwanji. Makomiti a m'magombe akulimbana ndi mchitidwe umenewu, ndipo wogula ndiye amaupatsa moyo.

Moni ndi khalidwe pagombe

Choyenera: Lonjerani. Mukati "Timoneni, ada" kapena "Timoneni, ama" adzakuyankhani "Yewu," ndipo kuchokera pamenepo Chitumbuka chanu kapena Chichewa chidzakuyendetsani bwinobwino. Gulu likafuna kuona manda, malo a linga kapena mudzi, liyambe ladzera kwa mfumu ya pamalopo ndi kangachepe m'manja, monga timachitira kwathu. Tauni ya Nkhata Bay ili m'dera la mfumu Mkumbira, ndipo kummwera kuli Mankhambira, Fukamapiri, Malengamzoma ndi Zilakoma.

Chosayenera: Musaganize kuti gombe lilibe mwini. Kupatula malo ngati Chikale ndi a m'mahotela, gombe ndi pamene mudzi umatunga madzi, kuchapa, kutsuka mbale ndi kusamba, ndipo amayi ali ndi malo awo, abambo awo. Musadutse pamalo a amayi, musaloze foni kwa munthu wosamba, musajambule ana popanda chilolezo cha makolo. Zovala zosambira zithere pamchenga, popita kumsika mangani chitenje kapena valani malaya. Pewani madzi odekha a m'mabango chifukwa muli nkhono za likodzo, ndipo mukabwerera kwathu kayezetseni kuchipatala. Pamene mitsinje ngati Luweya imathira m'nyanja pamakhala ng'ona.

Magule

Choyenera: Ngati ulendo wagwera pa Khirisimasi kapena pa chaka chatsopano, funsani kumene kuli malipenga ndi chilimika. Malipenga anachokera ku perete wa asilikali, ndipo anafala amuna atabwera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ovina amavala zoyera zositidwa bwino, makabudula ndi masokosi aatali, amakhala ndi maudindo ngati a usilikali, ndipo amaimba ndi zikho zoboola zimene zimalira ngati malipenga a mkuwa. Tikamavina mganda kwathu tili pa mzere womwewo, koma Mtonga savina mothamanga, amanyadira phazi lililonse ndipo fumbi silifika pa malaya. Chilimika n'cha amayi ndi atsikana, cha nyengo ya chaka chatsopano, midzi imayenderana n'kupikisana. Mukasangalala, fupani.

Chosayenera: Musadumphire mumzere wa ovina musanaitanidwe, anthuwo akonzekera miyezi. Ndipo musatenge zoimbaimba za m'mahotela ngati ndicho chikhalidwe cha kunyanja. Chikondwerero cha Lake of Stars chinayambira ku Chintheche Inn mu 2004 ndipo chinakopa alendo ambiri, zimenezo n'zabwino, koma gule wa eni dera ali kumudzi, pabwalo la mfumu.

Zogula

Choyenera: Gulani mpira kwa anyamata a m'mbali mwa msewu pa Vizara, pamene pali munda waukulu wa mitengo ya mphira, ndipo imani muone mmene amachekera khungwa kuti utomoni udonthere m'kachikho. Tiyi wa ku Kawalazi ndi ku Chombe nayenso ndi wa boma lomweli. Ziboliboli gulani kwa wosema mwini.

Chosayenera: Musanenerere mpaka munthu agulitse moluza poti kwacha yathu yalemera kuposa yawo. Musatole njerwa, mikanda kapena mapale pa manda ndi pa malo akale, kapenanso kulemba mayina anu pa makoma a tchalitchi.

Pocheza ndi akuluakulu

Choyenera: Dziwani dzina la Orton Chirwa musanakhale pansi ndi achikulire a ku Nkhata Bay, chifukwa akamva kuti mwachokera kuchigawo cha kummawa kwa Zambia, ena adzalitchula. Anabadwira m'boma limeneli mu 1919, anaphunzira za malamulo ku London, ndipo mu 1959, Dr Banda ali m'ndende, ndi iye amene anayambitsa Malawi Congress Party, n'kudzapereka utsogoleri kwa Dr Banda atatuluka mu 1960. Anakhala nduna ya zachilungamo, koma pa mkangano wa nduna wa mu 1964 anathawira ku Tanzania, monganso Kanyama Chiume wa ku Usisya. Dera limene linataya anthu pa doko mu 1959 linaonanso ana ake ophunzira akuthawa m'dziko limene anamenyera.

Chosayenera: Musafulumire kuweruza ndale za eni, kapena kukakamiza munthu wachikulire kunena zimene sakufuna. Amene anakhala m'zaka za chipani chimodzi anaphunzira kuyang'ana kumbuyo asanalankhule, ndipo ena sanasiyebe. Musanenenso kuti zimenezo n'za ku Malawi zokha. Pa 24 Disembala 1981 Orton Chirwa, mkazi wake Vera ndi mwana wawo anagwidwa ali paulendo kummawa kwa Zambia kuno n'kuwolotsedwa malire, ngakhale boma la Malawi linkati linawagwirira m'dziko lake. Bwalo la mafumu linawaweruza kuti aphedwe mu 1983, chilango n'kudzasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Vera anatulutsidwa mu Januwale 1993, ndipo mu Juni chaka chomwecho Amalawi anavota kuti dziko likhale la zipani zambiri.